Mphepo ya kumwamba imene imatembenuka yokha: tikambeko za James Holton

Nachisale:
Abale, mayeso a temu ino ndamaliza dzulo, lero ndadzuka dzuwa lili pamutu. Mumakonda kundifunsa kuti kuno ku Reading, ku England, ndikuphunzira kulosera mvula kapena chiyani. Lero ndili ndi mpata, ndiye ndikuuzeni za bambo amene andisowetsa tulo miyezi itatu. Dzina lawo James Holton, a ku America. Anamwalira mu 2004, koma buku lawo lotchedwa An Introduction to Dynamic Meteorology, limene linatuluka koyamba mu 1972, ndi limene wophunzira aliyense wa kayendedwe ka mphepo amalisenza. Langa lachita kuda m'mbali chifukwa cha thukuta la m'manja, ndipo tsamba lina lili ndi banga la tiyi. Poyamba ndinkadana nawo. Pano ndawerengako za ntchito imene anagwira moyo wawo wonse, mtima wasintha.

Mlimi wa ku Kasungu:
Achemwali, mwayamba bwino, koma tisanapite patali: bamboyo ananena kuti mvula yobzalira ibwera liti chaka chino? Feteleza ali m'nyumba, nazale yafika posamutsa.

Nachisale:
Kkkk achimwene, ndimadziwa kuti muyamba ndinu. Funso lanulo ndiliyankha, koma mudikire, ndipo mwina yankho lake silikusangalatsani. A Holton ntchito yawo yambiri inali pamwamba pa mitambo, ku stratosphere.

Aphunzitsi Jere:
Apa ndiye mwalowa m'munda mwanga. Ana a Fomu 3 ndimawauza chonchi: mpweya wotizungulira uli m'magawo. Gawo lapansi, limene tikupumamo, ndi troposphere, ndipo ukamakwera kumazizirazizira, madigiri pafupifupi 6.5 pa kilomita iliyonse. N'chifukwa chake pa Sapitwa, mamita 3,002, munthu umanjenjemera pamene ku Nsanje anthu akugona panja. Pamwamba pake ndiye stratosphere, mpaka makilomita 50, ndipo kumeneko zimatembenuka: ukamakwera kumayamba kufunda chifukwa mpweya wina wa kumeneko wotchedwa ozone umamwa kuwala kwa dzuwa. Ndimalekera pamenepo chifukwa silabasi nayonso imalekera pamenepo.

Nachisale:
Mwakhoza aphunzitsi. Ndiwonjezere chimodzi choti muwaonetse anawo ndi maso. Mu Disembala masana, mtambo wa mabingu ukamakula, umatukumuka ngati thovu la thobwa, kukwera, kukwera, kenako pamwamba pake umangophwatalala ngati wagunda denga. Wagundadi. Mpweya wofunda uli pamwamba pa wozizira sulola za pansi kudutsa. Kwathu kufupi ndi equator dengalo lili pa makilomita 16 kapena 17, ndipo pamenepo pamazizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro. Kuno ku Ulaya lili pansi, pa makilomita 10 kapena 11. Ndege ya ku Johannesburg ija ikamadutsa pamwamba pa Tete imakhala idakali pansi pa denga.

Madala Mbewe:
Moni nonse. Mdzukulu wanga wandiitana kuti agogo bwerani, akukamba za ntchito yanu. Ine ndinagwira ntchito yoyeza nyengo zaka zambiri ndisanapume. Pa siteshoni pathu tinkaulutsa chibaluni chaching'ono chofiira. Umachipopa ndi hydrogen mpaka chinyamule kachitsulo koyezera, kenako umachisiya, iwe diso pa theodolite, kachipangizo kotsatira nako chibaluni n'kuyeza komwe chili, mnzako wotchi ndi pensulo m'manja. Mphindi iliyonse iye akuti "werenga!", iwe ukutchula manambala awiri, osachotsa diso. Khosi linkauma. Ukaphethira molakwika chibaluni chasowa, wayamba kusakasaka kadontho kofiira m'thambo lonse. Nthawi ya dzinja chinkalowa mumtambo pasanathe mphindi zisanu, basi ntchito yathera pomwepo. Zikuluzikulu zonyamula kawailesi, zimene zimafika makilomita 30 zisanaphulike, ndinaziulutsako pamene anatitumiza ku maphunziro ku Dagoretti Corner, ku Nairobi. Koma kunena zoona manambala a pamwamba kwambiriwo tinkangolemba n'kutumiza. Palibe anatiuza kuti akukathera kuti.

Nachisale:
Agogo, takulandirani ndi manja awiri. Mwafika nthawi yabwino, chifukwa nkhani yonseyi inachokera m'makope a anthu ngati inu.

Imayamba ngati ndagi. Mu Ogasiti 1883 phiri la Krakatoa ku Indonesia linaphulika, phulusa lake n'kukwera mpaka ku stratosphere. Anthu m'madoko ndi m'sitima zapamadzi anaona dzuwa likulowa mofiira modabwitsa, ndipo atasonkhanitsa masiku anapeza kuti phulusalo linazungulira dziko lonse kulowera kumadzulo m'masabata awiri osakwana. Akatswiri anati chabwino, pamwamba pa equator mphepo imachokera kum'mawa. Mu 1908 Mjeremani wina, Arthur Berson, anabwera ku nyanja ya Victoria n'kuulutsa zibaluni. Anapeza mphepo yochokera kumadzulo. Kwa zaka 50 mabuku ankajambula zonse ziwiri: mphepo ya Krakatoa pamwamba, kamzere ka Berson pansi pake, ngati kuti zimakhala choncho mpaka kalekale.

Tembo wa ku Chipata:
Ndiye wonama anali ndani?

Nachisale:
Palibe. Cha m'ma 1960 ndi 1961, Richard Reed ku Seattle, komanso Veryard ndi Ebdon ku Britain, aliyense payekha, anayala manambala a zibaluni za pa chilumba cha Canton m'nyanja ya Pacific, mwezi ndi mwezi. Anaona kuti mphepoyo imasinthana. Chaka ndi miyezi ingapo ichokera kum'mawa, kenako itembenuka ichokera kumadzulo, kuzungulira lamba yense wa equator nthawi imodzi. Ulendo wonse, kupita ndi kubwerera, umatenga miyezi pafupifupi 28. Dzina lake ndi QBO, kutanthauza kusinthasintha kwa zaka ziwiri zosakwanira bwino. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti mphepo yatsopano imayambira pamwamba, cha pa makilomita 30 kupita m'mwamba, n'kumatsika pang'onopang'ono, kilomita imodzi pamwezi, osafooka panjira. Yochokera kum'mawa imathamanga kuposa makilomita 100 pa ola, inzakeyo pafupifupi theka lake.

Tembo wa ku Chipata:
Ine monga wa zamagetsi, chinthu chikamabwerezabwereza ndimafuna chimene chikuchiyendetsa. Usana ndi usiku ndi dziko kuzungulira. Dzinja ndi chilimwe ndi dzuwa. Miyezi 28 iyenera kukhala ndi chake kunja uko. Dzuwa lomwelo kapena mwezi.

Nachisale:
A Tembo, mwaganiza ndendende mmene ankaganizira akatswiri nthawi imeneyo. Anasaka kumwamba konse chinthu cha miyezi 26 kapena 28, osachipeza. Ena anati ndi chaka chowirikiza kawiri, koma 28 si 24, ndipo nthawi zina ulendowo umafupika, nthawi zina umatalika kupitirira miyezi 30.

Apa ndi pamene a Holton akulowa. Anabadwa mu 1938, anakulira m'tauni yaing'ono ya Pullman m'chigawo cha Washington, dera la minda ya tirigu. Bambo awo anali katswiri wa matenda a tirigu, ndiye achimwene a ku Kasungu musawaone ngati mlendo kwenikweni. Anaphunzira fizikisi ku Harvard, kumaliza mu 1960, kenako digiri ya udokotala ku yunivesite ya MIT mu 1964 pansi pa Jule Charney, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa kulosera nyengo ndi kompyuta. Anakhalako chaka ku Stockholm, ndipo mu 1965 anayamba ntchito pa University of Washington ku Seattle, komwe kunali Reed uja. Sanachokeponso mpaka imfa. Zaka pafupifupi 39 pa sukulu imodzi.

Ntchito yoyamba pa nkhaniyi anaichita ndi mnzawo Mike Wallace mu 1968. Anaika masamu mu kompyuta n'kuyesa kuti kodi kutentha kwa dzuwa kungapange mphepo yotsika chonchi osafooka? Zinakana. Anapeza kuti payenera kukhala chinachake chimene chikukankha mphepoyo, ndipo chokankhacho chiyenera kumatsika limodzi ndi mphepo imene chikuikankha. Zinali ngati zopanda mutu. Chinthu chingatsate bwanji mwana wake?

Aphunzitsi Jere:
Musatisiye m'malere mayi.

Nachisale:
Yankho analipeza ndi Richard Lindzen chaka chomwecho. Chokankhacho ndi mafunde. Mpweya uli ndi mafunde ngati nyanja, kungoti sitiwaona. Mtambo wa mabingu uja ukagunda denga, zili ngati mwaponya mwala m'dziwe: mafunde amabalalika, ena n'kukwera kulowa mu stratosphere. M'lamba wa equator, ku Congo, ku Indonesia, ku Amazon, mabingu sapuma, ndiye mafunde sasowa. Ena amayenda cholowera kum'mawa, ena cholowera kumadzulo, ndipo funde lililonse limasenza mphamvu yokankhira komwe likulowera.

Ndiyese kufotokoza mmene ndinazimvetsera ine. Tiyerekeze mtunda wautali, msewu umodzi wokwera. Pansi pakunyamuka anthu a mitundu iwiri, a Phiri ndi a Banda, aliyense ndi mtolo pamutu. Lamulo lake ndi limodzi: munthu amatula mtolo pakhomo loyamba la abale ake limene wakumana nalo, ndipo amamanga pomwepo. Pa makomo a eni ake amangodutsa. Tsopano ngati pakati pa mtunda pali mudzi wa a Phiri, a Phiri onse ochokera pansi azitula kumunsi kwa mudziwo, chifukwa ndi kumene ayamba kufika. Wobwera mawa atula kumunsi kwa amene anatula lero. Mudzi ukukula chotsika. A Banda akudutsa pakati pa mudziwo osaima, akukatula pamwamba, ndipo kumtundako sikukufikanso Phiri ndi mmodzi yemwe, onse akuthera pansi. Ndiye kumtunda kukhala kwa a Banda okhaokha, nawonso mudzi wawo uyamba kutsika kutsatira wa a Phiri. A Phiri apanikizika mpaka m'tsinde mwa mtunda, mudzi uchepa, ubalalika. Njira yatseguka, a Phiri atsopano adutsa pakati pa a Banda kukayamba mudzi wina pamwamba. Zikatero zayambiranso.

Funde lolowera kum'mawa likakumana ndi mphepo yolowera kum'mawa pa liwiro lofanana nalo, limathera pomwepo n'kusiya mphamvu yake m'mphepomo. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Aphunzitsi Jere:
Dikirani ndibwereze kuti ndione ngati ndagwira. Ndiye kuti mpweyawo sukutsika, chimene chikutsika ndi malo amene mafunde akutulira katundu?

Nachisale:
Eya! Mpweya weniweniwo ukukwera kumene, pang'onopang'ono. Chotsika ndi malire. Ine zinanditengera masabata atatu kuti ndione zimenezo, inu mphindi ziwiri.

Tembo wa ku Chipata:
Ndiye miyezi 28 ikuchokera pa kuchuluka kwa anthu onyamula mitolo. Akachuluka, mudzi utsika msanga. Palibe wotchi kunja. Ndavomera, koma monyinyirika.

Madala Mbewe:
Mwana wanga, fanizo lako ndi lokoma, koma ine ndinazolowera kukhulupirira chimene chalembedwa m'kope. Mafundewo alipo amene anawaona, kapena ndi masamu chabe?

Nachisale:
Agogo, funso lanulo ndi limene linandichititsa kuwakonda a Holton. Mu 1968 iwo ndi Lindzen anaganiza za mafunde ang'onoang'ono osiyanasiyana, popanda umboni wokwanira. Koma nthawi yomweyo anthu a makope anali pa ntchito. Ku Japan, Yanai ndi Maruyama anapeza m'manambala a zibaluni funde lalikulu lolowera kumadzulo mu 1966. Wallace uja ndi Kousky anapeza lina lolowera kum'mawa mu 1968, lotchedwa Kelvin, lalitali makilomita masauzande ambiri. Mafunde onse awiriwa Taroh Matsuno anali atawapeza kale pa pepala ndi masamu mu 1966. Holton ndi Lindzen ataona umboniwo sanaumirire zawo zakale. Mu 1972 analembanso nkhani yonse, n'kuika mafunde awiri enieniwa m'malo mwa ongoganizira aja, n'kusinthanso njira imene mafundewo amafera.

Ndiye tamverani mmene zinathera. Mu 1997 Timothy Dunkerton, amene anali wophunzira wa a Holton omwewo, anawerengera n'kupeza kuti mafunde akuluakulu awiriwo mphamvu yawo siyokwana, makamaka poti mpweya ukukwera ndipo malire aja ayenera kulimbana nawo kuti atsike. Pafunika mafunde ang'onoang'ono aja a mu 1968. Mwana anauza mphunzitsi wake kuti munakhoza poyamba, pokonza paja munataya china chofunika. Lero timaphunzira kuti onse amathandizana.

Tembo wa ku Chipata:
Alipo anayesapo kupanga zimenezi pansi pano? Ine chinthu ndimachikhulupirira chikagwira ntchito pa benchi.

Nachisale:
Alipo, ndipo ndi kafukufuku amene ndimamukonda kuposa onse. Mu 1978 ku Australia, Alan Plumb ndi Angus McEwan anatenga chotengera chozungulira ngati ndowa yaing'ono mkati mwa yaikulu, mpata wapakatiwo n'kudzazamo madzi a mchere, wambiri pansi, wochepa pamwamba. Pansi anaikapo mphira womakwera ndi kutsika mosalekeza, mofanana nthawi zonse, osakondera mbali. Patapita nthawi madziwo anayamba kuzungulira okha mbali imodzi, kenako pamwamba panayamba kuzungulira kobwerera, n'kumatsika, kenako kutembenukanso. Mulibe dzuwa m'ndowamo, mulibe mwezi, mulibe nyengo.

Nabanda ku Leeds:
Ndangotuluka ku ntchito ya usiku, ndawerenga zonse m'basi. Pepani ndikhotetse pang'ono. Lindzen ameneyu si yemwe uja amaoneka pa YouTube akunena kuti za kusintha kwa nyengo anthu akukokomeza? Amuna anga amamukonda kwabasi.

Nachisale:
Ndi yemweyo achemwali. Anadzakhala pulofesa ku MIT, ndipo amadziwika kuti amatsutsa zoti kutentha kwa dziko n'koopsa monga anzake ambiri amanenera. Pa QBO anakhoza, dzina lake silidzachoka pamenepo. Pa nkhani inayo akatswiri ochuluka zedi sagwirizana naye, ndipo ine nditawerenga mbali zonse ndili ndi ochulukawo. Alamu anga muwauze kuti kukhoza samu imodzi sikupatsa munthu malikisi a pepala lonse.

Mlimi wa ku Kasungu:
Ife za kusintha kwa nyengo sitimvera pa YouTube. Timaziona m'munda.

Admin:
Chonde nkhani imeneyo tinakangana kale mwezi watha mpaka anthu awiri anatuluka pa gulu. Tibwerere kwa a Holton.

Nabanda ku Leeds:
Pepani a Admin. Funso langa lenileni ndi ili. Kumapeto kwa Febuluwale 2018 kuno kunagwa chisanu chimene sindidzaiwala. Mabasi anaima, ine ndinayenda wapansi kupita ku ntchito ola lathunthu ndi theka, nditavala mapepala apulasitiki mkati mwa nsapato, chitenje ndakulunga kumutu pamwamba pa chipewa. Nditafika zala zinakana kumasula mabatani a jekete, mnzanga wa ku Zimbabwe ndi amene anandivula. Pa TV ankati zayambira ku stratosphere, kwatentha. Ine ndinati azunguwa asokonezeka, kutenthe kumwamba ife tizizidwe pansi?

Nachisale:
Sanasokonezeke. Nthawi yozizira, pamwamba pa North Pole dzuwa silituluka miyezi ingapo, mpweya wa mu stratosphere umazizira kwambiri, ndipo mozungulira pamakhala chimphepo champhamvu chochokera kumadzulo, ngati khola lotsekera kuzizirako. Koma mapiri akuluakulu monga Himalaya ndi Rockies, komanso kusiyana kwa nyanja ndi mtunda, zimapanga mafunde aakulu zedi amene amakwera n'kukagunda kholalo. Akaligunda mwamphamvu limapindika kapena kung'ambika pawiri, mpweya wa pamwamba umatitimira, ndipo mpweya ukapanikizika umatentha, ngati pampu ya njinga. M'masiku ochepa kutentha kumakwera ndi madigiri 40 kapena 50. Richard Scherhag anaziona koyamba ku Berlin mu 1952, Matsuno uja n'kuzifotokoza mu 1971. Zikachitika, chisokonezocho chimatsika m'masabata awiri kapena atatu, mphepo ya pansi imene imabweretsa mpweya wofunda kuchokera ku Atlantic imafooka, ndipo wa ku Siberia umapeza njira. Mu 2018 khola linang'ambika cha pa 12 Febuluwale, inu munavala mapulasitiki patatha masabata awiri.

A Holton alipo pawiri apa. Mu 1976 ndi Clifford Mass anapanga chitsanzo cha masamu chaching'ono kwambiri, choti lero chingayende pa foni, choonetsa kuti kholalo likhoza kumalimba ndi kufooka palokha ngakhale mafunde ochokera pansi asasinthe. Ndipo mu 1980 ndi Hsiu-Chi Tan anapeza kuti QBO ikakhala yochokera kum'mawa, khola la kumpoto limakhala lofookerapo, ikakhala yochokera kumadzulo limalimba. Ndiye kuti mabingu a ku Congo, kudzera m'njira yaitali, ali ndi mawu pa chisanu cha ku Leeds. Si lamulo losaphonya, ndi kupendekeka chabe, koma olosera nyengo ya miyezi itatu kuno amaiyang'ana.

Mlimi wa ku Kasungu:
Ndadikira mokwanira. A ku Leeds mwawayankha, a ku Siberia mwawatchula. Nanga Kasungu?

Nachisale:
Chabwino achimwene. Kasungu ali pa madigiri 13 kumwera kwa equator, Karonga pafupifupi 10. QBO ndi yamphamvu pa equator penipeni, ikamafika madigiri 15 yatha mphamvu. Ndiye ikudutsa pamwamba pa munda wanu, koma ndi mphonje zake. Akatswiri a ku South Africa anayesa m'zaka za m'ma 1990 kuilumikiza ndi mvula ya kuchigawo chathu, anapezako zizindikiro, koma n'zofooka poyerekeza ndi El Niño ndi kutentha kwa madzi a Indian Ocean. Chilala cha 2015/16 ndi cha 2023/24, mwini wake wamkulu ndi El Niño. Ndiye tsiku lobzala musafunse a Holton. Mverani a nthambi ya zanyengo ndi alangizi, ndipo mukumbe muone ngati chinyontho chalowa.

Pali phunziro lina pamenepa. William Gray wa ku Colorado, amene anayambitsa kulosera kuchuluka kwa anamondwe a ku Atlantic mu 1984, ankagwiritsa ntchito QBO chifukwa manambala a zaka zam'mbuyo ankagwirizana bwino. Patapita zaka mgwirizanowo unangosowa, mpaka anaichotsa pa zolosera zawo. Zinthu ziwiri zikhoza kuyendera limodzi zaka 30 popanda ubale.

Mlimi wa ku Kasungu:
Ndiye mwavomera nokha. Munthu zaka 39 akulandira malipiro chifukwa cha mphepo imene siweramitsa ngakhale phesi limodzi la chimanga. Ife tikanakhala ndi ndalama zoterozo bwenzi tikukumba madamu.

Aphunzitsi Jere:
Achimwene, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Mpweya woononga ozone uja unkachokera m'mafiriji ndi m'zitini zopopera za ku Ulaya ndi America, koma bowo la mu ozone linakatseguka ku Antarctica, kumene kulibe fakitale ndi imodzi yomwe. Linapezeka mu 1985, mayiko anasaina pangano la Montreal mu 1987. Popanda anthu odziwa mmene mpweya umayendera kumwambako, akanadziwa bwanji kuti utsi wa kumpoto ukuthera kumwera? Ndipo dzuwa likanapsereza, likanayamba ndi inu amene mumakhala m'munda tsiku lonse.

Mlimi wa ku Kasungu:
Za ozone ndamva. Koma madamu ndikuwafunabe.

Nachisale:
Madamu tikuwafuna tonse, sindikutsutsani. Koma zimene anena aphunzitsizo ndi gawo lachitatu la ntchito ya a Holton, ndipo ndi limene ndikufuna kulembapo kafukufuku wanga. Mu 1949 Alan Brewer, amene nthawi ya nkhondo ankafufuza za mizere yoyera imene ndege zimasiya kumbuyo, anapeza kuti mpweya wa mu stratosphere pamwamba pa England ndi wouma modabwitsa, nthunzi magawo 4 kapena 5 okha pa miliyoni. Anati mpweya umenewu uyenera kuti unalowera pamalo ozizira koopsa pamene nthunzi yonse inaundana n'kugwa, ndipo malo otero ndi denga la ku equator lija. Ndiye khomo la stratosphere lili kumadera otentha. Mpweya umalowera kwathu, n'kuyenda kupita kumpoto ndi kumwera, n'kukatsikira kumeneko. Ambiri ankaganiza kuti ukukankhidwa ndi kutentha kuchokera pansi. Mu 1995 a Holton ndi anzawo asanu, kuphatikizapo Michael McIntyre ndi Peter Haynes a ku Cambridge, analemba pepala lalitali lofotokoza kuti ukuchita kukokedwa: mafunde aja akusweka kutali, kumadera ozizira, ndi amene akuyamwa mpweya wa ku equator ngati pampu.

Chaka chotsatira wophunzira wawo wina, Philip Mote, anatsogolera ntchito yoyang'ana manambala a setilaiti ya UARS, imene inaulutsidwa mu 1991. Denga lija limazizira kwambiri cha mu Januwale ndi Febuluwale, ndiye mpweya wolowa miyezi imeneyo umakhala wouma zedi. Wolowa cha mu Ogasiti umakhala ndi nthunzi yochulukirapo. Pojambula, panaoneka mizere yopendekeka, wouma, wonyowa, wouma, wonyowa, ikukwera mamita 20 kapena 30 patsiku, ndipo mzere umodzi umaonekabe patatha chaka ndi theka. Anaupatsa dzina la tepi rekoda, chifukwa mpweya ukusunga mawu a denga ngati kaseti. Tsiku limene ndinaona chithunzi chimenecho m'kalasi ndinaiwala kulemba manotsi.

Tembo wa ku Chipata:
Ndiye phiri la ku Tonga lija la mu Januwale 2022, limene ankati laponya madzi kumwamba, linadumpha khomo?

Nachisale:
Linathyola chitseko. Linaphulikira pansi pa nyanja n'kuponya nthunzi yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi onse amene anali mu stratosphere, tsiku limodzi. Anthu akutsatabe mmene ikuchokera, ndipo masamu ake ndi omwe aja.

Madala Mbewe:
Mwana wanga, bamboyu anamwalira bwanji? Zaka zake sizinali zambiri.

Nachisale:
Anali ndi zaka 65, agogo. Anali munthu wokonda kuthamanga ndi kupalasa njinga. Anadwala mwadzidzidzi kumapeto kwa Febuluwale 2004 n'kumwalira pa 3 Malichi, chaka chomwe buku lija linatuluka kachinayi. Amene anamaliza lotuluka kachisanu ndi Gregory Hakim. Bungwe la American Geophysical Union lili ndi mphoto ya dzina lawo yopatsa akatswiri achinyamata.

Chimene chimandiwawa n'chakuti sanaone za 2016. Kuyambira m'ma 1950 QBO inali isanaphonyepo. Mu Febuluwale 2016, pakati penipeni pa mphepo yochokera kumadzulo, cha pa makilomita 22, panangobadwa kamphepo kochokera kum'mawa, pamalo pamene sipanayenere. M'fanizo lija, a Banda anamanga pakati pa mudzi wa a Phiri. Palibe kompyuta imene inalosera. Pofufuza anapeza kuti mafunde akuluakulu a kumpoto aja analowerera mpaka ku equator n'kutula katundu wawo pamenepo. A Holton anaonetsa kuti equator imalankhula ndi kumpoto, apa kumpoto kunayankha. Zinachitikanso kumapeto kwa 2019 kulowa 2020. Kawiri m'zaka zinayi, pambuyo pa zaka 60 za bata. Kaya ndi mwangozi kaya dziko likamatentha zizichitika kawirikawiri, akatswiri akukanganabe.

Madala Mbewe:
Ndipo anadziwa bwanji kuti yaphonya?

Nachisale:
Zibaluni, agogo. Makamaka za ku Singapore, zimene zaulutsidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambirimbiri. Ndipo Nairobi ili digiri imodzi yokha kumwera kwa equator, pansi penipeni pa QBO. Manambala a pamwamba aja munkati simudziwa kumene ankathera, munkayeza mphepo imeneyi ndi manja anu.

Madala Mbewe:
Ha! Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikukumbuka mphunzitsi wathu kumeneko akutionetsa kuti taonani, pamwamba apa chibaluni chakhota, chikubwerera. Ife tinkati mwina makina alakwitsa. Tinkadzuka usiku, kuzizira kwa ku Nairobi, manja akununkha mphira, mtima uli pa tiyi basi.

Aphunzitsi Jere:
Mayi Nachisale, chithunzi cha mizere yotsika ija ndi cha kaseti chija munditumizire ku inbox. Ndikufuna ndikajambule pa bolodi Lolemba. Za a Phiri ndi a Banda ndibwereka, koma m'kalasi mwanga a Banda ndi ochuluka, ndiyenera kusamala kuti mudzi wobalalika ukhale wa ndani.

Nachisale:
Kkkk onse amabalalika mosinthana aphunzitsi, musadandaule. Nditumiza madzulo ano. Agogo, ku Nairobi munali chaka chanji ndi miyezi iti? Ndili ndi tebulo la mwezi uliwonse kuyambira 1953, ndikhoza kukuuzani ngati inali ya kum'mawa kapena ya kumadzulo, tione ngati zigwirizane ndi zimene munalemba.

Madala Mbewe:
Chaka ndisanama, ndiyang'ane kaye. Kope la maphunziro amenewo lili m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, pamodzi ndi satifiketi. Agogo ako aakazi akuti makope ena anayatsira mbaula chaka cha mvula yambiri chija, koma lachikuto chobiriwira akuti sanalikhudze. Mawa kukacha mdzukuluyu akoka sutikesi, ajambule ndi foni, ngati njenjete zasiyako masamba.

Mlimi wa ku Kasungu:
Kuno kwayamba kuda cha kumpoto, mtambo wake waphwatalala pamwamba ngati mmene munanenera. Ndikaanule fodya wa chaka chatha amene ndinayanika pakhonde.